Kuonerera Phunziro la Apongozi Anga

Mawu a Chipwitikizi akuti kwalidadi, kutanthauza maphunziro apamwamba, anafika pasukulu yathu ya ku Lifidzi panjinga yamoto ya adiretori, mkulu wa sukuluyo, kumbuyo atamangako thumba la kachewere. Adiretoriwo anali atatha sabata ku Ulongwe, kumsonkhano wa akuluakulu a sukulu, ndipo anabwerako atasintha ndi kayendedwe komwe. Lolemba lake anatisonkhanitsa aphunzitsi tonse, tinakhala patimipando ta ana mawondo ali m'mwamba, iwo n'kuyamba kulalikira. Anati nthawi yophunzitsa chiphunzitsire utadzitsekera m'kalasi yatha. Kuyambira pamenepo phunziro la mphunzitsi aliyense lizioneredwa. Woonererayo azikhala kumbuyo kwa kalasi mpaka chitsulo chilire, kenako awiriwo azikhala pansi, maso ndi maso, n'kuuzana chimene chayenda ndi chimene sichinayende. Anati si kudzudzulana ayi, koma kuthandizana. Ntchito yoonererayo inali ya pedagojiko, wachiwiri wawo woyang'anira za kaphunzitsidwe, ndipo pedagojikoyo ndinali ine.

Ndisaname, woyamba kuomba m'manja ndinali ine. Ndine munthu wa phuma, zinthu zikaima malo amodzi thupi limandiyabwa. Ndinali nditatopa ndi kulandira ana m'kalasi lachisanu amene ukawapatsa buku amangoliyang'ana ngati khoma, ndipo ndinkadandaula za zimenezi mpaka anzanga ankandithawa nthawi yopuma. Tsono apa boma lomwe linali litandivomera. Ndikuombabe m'manja choncho, mnzanga wophunzitsa masamu anandigunyuza ndi chigongono n'kuloza ndi mlomo cha kuzenera. Kumeneko kunali kutakhala apurufesora, aphunzitsi a kalasi loyamba, chitenje chili pamapewa, maso ali panja. Anali apongozi anga, amayi a akazi anga. Manja anangondiuma.

Ine kwathu n'ku Domwe, ngakhale ubwana wanga wambiri ndinaudyera ku Dedza, kumene tinathawira nkhondo. Ku Lifidzi inandibweretsa ndi ntchito, ndipo n'komwe ndinakwatira, n'kumanga nyumba pamudzi pa akazi anga monga achitira mkamwini aliyense. Apongozi angawo anaphunzira kwa masisitere ku Fonte Boa, anaphunzitsako ana pansi pa mitengo kumisasa ya othawa nkhondo, ndipo anthu atabwerera anali m'gulu la amene anatsegulanso sukulu yathu ilibe ndi denga lomwe. Theka la mudzi linadutsa m'manja mwawo. Ogulitsa nyemba kumsika, akatekisi, adiretori eniakewo, onse pensulo anawagwiritsa ndi iwo.

Chikwatirire mwana wawo, ine ndi iwo tinali tisanayang'anizanepo m'maso. Tikakumana panjira iwo ankapatukira m'munda, ine tsidya linalo, n'kupatsana moni titanyonyomala, aliyense akuyang'ana kwake. Pasukulu tinali titapeza njira yathu. Pamsonkhano iwo kuzenera, ine kukhomo. Ndikafuna kuwauza za mayeso ndinkatuma mphunzitsi wina, iwo akafuna jizi, choko cholembera, ankatuma mwana. Anzathu ankatiseka kuti sukulu ino ili ndi malire olimba kuposa a ku Domwe, koma ife zinkatiyendera, ndipo ine ndinkakondwa nazo. Mayi wamkulu ngati uja, wolemekezeka mudzi wonse, kupatukira m'mame chifukwa cha ine! Ulemu umenewo ndi umene unkandiuza kuti pamudzi pa eni ndine mwana wawo, si wongodutsa.

Msonkhano utatha ndinawatsatira adiretori mu ofesi n'kuwapempha kuti apurufesora a kalasi loyamba akawaonerere okha. Anaseka mpaka kutsokomola. Anati iwo mayi amene uja anawakwapulapo ali ndi makabudula ong'ambika, ndipo akalowa m'kalasimo woyesedwa akakhala iwowo. Komanso malangizo a boma anali kunena pedagojiko, osati diretori. Potuluka anandigwira paphewa n'kunena kuti, “Kwalidadi ilibe mpongozi, achimwene.” Ndinafuna kuwafunsa ngati kwalidadiyo inakwatirapo, koma ndinangomeza.

Ndinayamba ndi ena. Ndinaonerera mnyamata wa kalasi lachitatu amene anabwera ndi zithunzi zojambula bwino tsiku lokhalo, ana ake n'kumadabwa naye. Ndinaonerera mnzanga wa masamu, tinakangana pang'ono, kenako anavomera kuti amalankhula ndi kwaduru, bolodi lolembapo, osati ndi ana. Zinkandisangalatsa, chifukwa zinthu zinayamba kusuntha. Aphunzitsi anayamba kufunsana nzeru pakhonde m'malo mongokamba za mtengo wa feteleza. Koma mzere unali kufupika, ndipo tsiku linafika loti wotsala ndi mmodzi.

Kulowa m'kalasimo sindikanatha. Ndinakaima panja, pansi pa zenera lakumbuyo, mvula ikuwaza, madzi a padenga akundidonthera m'khosi. Kalasi la apongozi linali lotchuka. Ana ake ankawerenga pamodzi ndi mawu amodzi, mokweza, moti wodutsa pamsewu ndi njinga ankamva, ndipo makolo ankati kumeneko ndiye kukuphunzitsidwa. Ndinasuzumira. Ana anali thithithi pansi, mwendo pamwendo, opitirira makumi asanu ndi limodzi. Apongozi anali kutsogolo, kansungwi kali m'manja, akuloza zimene analemba pakwaduru, ana n'kumayankha. Ndinamva kukoma, ndipo mumtima ndinati mwina ndingolemba kuti zonse zili bwino ndizipita.

Kenako pakhomo panafika mayi wina ndi mwana wochedwa. Apongozi anatembenuka kukalankhula naye, kansungwi kaja kataloza pansi. Ana sanasiye. Anapitiriza mzere ndi mzere mpaka pothera zolembedwa, n'kupitirira, kutchula mzere wina umene pakwadurupo panalibe, wa dzulo lake umene unali utafufutidwa. Ndinayang'ana maso awo. Ena anali kuyang'ana kudenga, ena kwa mnzawo, ena kuphazi. Amene anali kuyang'ana zolembazo ndikanawawerenga ndi zala za dzanja limodzi. Ndipo pamzere wakutsogolo, wokweza mawu kuposa onse, atatsinzina n'kumagwedeza mutu, anali mwana wanga wamkazi, chisamba changa.

Madzulo ake ndinamuitana kuseri kwa nyumba. Ndinalemba ndi kamtengo panthaka mawu aja a pakwaduru, n'kuloza amodzi a pakati. Anayamba kuimba kuchokera koyambirira. Ndinati ayi, awa okha. Anandiyang'ana kumaso, akufuna yankho pakamwa panga. Ndinalemba chilembo chimodzi chokha, chachikulu ngati mbale. Anangokumba pansi ndi chala chakuphazi. Ndinagwidwa ndi mantha, kenako mkwiyo, ndipo sindinkadziwa woti ndimukwiyire. Mwana wa mphunzitsi, mdzukulu wa mphunzitsi, osadziwa chilembo ndi chimodzi chomwe.

Apongozi anga sanali aulesi, zimenezo ndiyenera kunena. Kale ana ali ochepa ankamumva aliyense payekha, ndipo n'chifukwa chake akuluakulu a mudzi uno amawerenga. Koma ana anachuluka chaka ndi chaka, chipinda chili chomwecho, ndipo kuwerengera pamodzi kunameza zina zonse iwo osazindikira. Munthu woima kutsogolo amamva mawu, saona maso a kumbuyo. Pankafunika wina woti awauze. Apa ndiye panali vuto langa. Ndikawauza, ndikhala mkamwini wochotsa ulemu kwa apongozi. Ndikapanda kuwauza, mwana wanga ndi anzake onse aja apita m'kalasi lachiwiri ali ndi nyimbo yokha.

Ndinayesa kumuphunzitsa ndekha mwanayo. Zinakanika. Iye ankati agogo satero, ine n'kukweza mawu, iye n'kulira, mpaka amayi ake anatilanda kamtengo. Ndinayesa kudzera kwa akazi angawo. Ndinadikira tsiku limene tinali kupalira nyemba tili awiri, n'kuyamba mozungulira. Sanandilole kumaliza. Anaimika khasu n'kundifunsa ngati iwo sawerenga, popeza anawaphunzitsa ndi amayi awo omwewo. Anati ine ndabwera dzulo, ndipo ngati ndili ndi mawu a kuntchito ndikawanene kuntchito, iwo si mtumiki wa boma.

Nthawi inayamba kupita. Chimanga chinamasula, chinakhwima, chinauma. Adiretori ankandifunsa sabata iliyonse kuti kalasi loyamba bwanji, alendo a ku Ulongwe akubwera, akafuna kuona kuti aliyense waoneredwa ndipo wakambirana naye. Ine ndinkati mawa. Sindinkakhazikika. Ndinkatuluka mu ofesi ngati ndikupita kwinakwake, n'kuzungulira sukulu, n'kubwereranso. Kangapo konse ndinafika mpaka pakhonde la kalasi lawo, mawu nditawakonza bwinobwino, koma ndikangoona mphepete mwa chitenje chawo miyendo inkandibweza yokha. Kunyumba ndinkakonza njinga yosawonongeka. Chakudya sichinkakoma, makamaka tsiku limene ndiwo zachokera kwa apongozi, pakuti sankaiwala kutitumizira akapha nkhuku. Ndipo m'mawa uliwonse nyimbo ija inkalowa pazenera la ofesi, mawu a mwana wanga ndikuwamva pamwamba pa ena onse.

Chisanu chitayamba ndinapeza nzeru, kapena ndinkayesa nzeru. Mkamwini akakhala ndi mawu olemera kwa apongozi, sawanyamula yekha, amadzera kwa ankhoswe. Ndinadzifunsa kuti ndalekeranji kuganiza zimenezi kale. Ndinapalasa njinga mpaka ku Domwe kwa achimwene anga aakulu, amene ndi ankhoswe anga, ndipo amagulitsa kachewere pamalire. Ndinawapeza akusoka matumba. Ndinawafotokozera za kwalidadi, za kuonerera, za maso a ana. Iwo sukulu sanapite nayo patali, ankangogwedeza mutu singano ili pakamwa. Ndinawapempha kuti akanong'oneze atsibweni a akazi anga, ankhoswe a kuchikazi, kuti iwowo akafikitse mawu kwa mlongo wawo mwakachetechete. Anati ndisadandaule, nkhani zotere anazizolowera.

Chimene sindinaganize n'chimene mwana aliyense pamudzi amadziwa. Ankhoswe savala jekete n'kuyenda ulendo wonsewo chifukwa cha zilembo. Loweruka m'mawa anthu ataona achimwene akutsika panjinga pakhomo la atsibweni, nsapato zili zopukuta, mbiri inathamanga kuti banja la aphunzitsi lagwedezeka. Pofika masana mphasa zinali zitayalidwa pansi pa mtengo wa mapichesi, azakhali abwera, ena amene sanaitanidwe akhala chapatali ngati akusenda nyemba. Akazi anga ndinawapeza m'nyumba maso ali ofiira. Wina anali atawauza kale kuti ndili ndi mkazi ku Domwe. Ndinalumbira, koma anangoti tikamve konko.

Tinakhala pansi. Apongozi anali kuseri kwa nkhokwe, ndinkangoona mapazi awo. Atsibweni anafunsa mwaulemu ngati mwana wawo walakwa. Achimwene anati ayi. Anafunsa ngati pakhomo pali njala, kapena mwano, kapena matenda. Achimwene anati palibe. Tsono chabweretsa ankhoswe n'chiyani? Ine ndinkawatsinzinira achimwene kuti apemphe kukambirana kumbali, koma iwo anali ataona anthu, ndipo munthu wa pamsika akaona anthu mawu amakwera. Anakonza kukhosi n'kunena momveka, mpaka osenda nyemba aja anamva, kuti mng'ono wawo wawatuma kudzadandaula kuti apongozi ake saphunzitsa bwino, ana amangoimba ngati kutchalitchi, ndipo mdzukulu wawo yemwe sadziwa kalikonse.

Ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Mawu amene malangizo ankati akambidwe ndi anthu awiri chitseko chili chotseka, ine ndinali nditawayala pamphasa mudzi wonse ukumva. Azakhali wina anaseka pang'ono n'kudzigwira pakamwa. Atsibweni anayamba kunena kuti chibadwire sanaweruzepo mlandu wa sukulu, koma sanamalize, chifukwa kuseri kwa nkhokwe kunamveka mawu a apongozi, akulankhula ndi mlongo wawoyo.

“Achimwene, afunseni bambo a mwanayo. Boma lidawauza kuti akauze ankhoswe, kapena kuti akauze mphunzitsi?”

Atsibweni anandifunsa, ngakhale ndinali nditamva. Ndinayankha ndikuyang'ana mphasa kuti linati mphunzitsi. Mawu aja anati, basi, mphunzitsiyo akapezeka ku ofesi Lolemba, anthu abalalike akaphike. Mapazi aja anachoka. Achimwene anadya nkhuku yawo bwinobwino n'kubwerera ku Domwe akukhulupirira kuti agwira ntchito. Akazi anga anandiuza kuti bola ikanakhaladi nkhani ya mkazi wa ku Domwe, chifukwa zimenezo anthu amazidziwa pozitengera.

Lolemba ndinafika mu ofesi dzuwa lisanatenthe, n'kumasuntha mipando uku ndi uku. Ndinaika umodzi pakhonde, kuti iwo akhale panja ine m'kati, tilankhulane kudzera pachitseko. Nthawi yopuma ndinamva mapazi. Anaunyamula mpando uja, kulowa nawo, n'kuuika patsogolo pa tebulo langa. Anakhala. Anatseka chitseko ndi dzanja lawo. Kenako anakweza nkhope n'kundiyang'ana m'maso. Kanali koyamba kuona kuti diso lawo lamanzere lili ndi kachipsera pachikope, ndi kuti mwana wanga anatengera iwo mphuno.

“Senyoro pedagojiko, ndabwera. Nenani zimene mudaona.”

Ndinayamba kusunthasuntha mapepala patebulo. Iwo anati ndisavutike ndi poyambira, dzulo atachoka ku Misa anamutenga mdzukulu wawo n'kumutsegulira buku la nyimbo, ndipo aona okha. Chimene ankafuna kudziwa n'chakuti ine ndinaona liti. Ndinati chimanga chisanamasule.

“Ndipo lero anthu akolola,” anatero. “Ulemu wanuwo wawadyera ana miyezi yonseyi. Wakutsina khutu ndi mnansi, koma inu mudakatsinira pabwalo.”

Sanakweze mawu. Ndikanakonda akanakweza. Ndinayamba kufotokoza, poyamba mwachibwibwi, kenako ntchito inanditenga. Ndinanena za mayi uja wa pakhomo, za mzere wofufutidwa, za maso a ana. Ndinanenanso zabwino, pakuti zinalipo, kuti m'kalasi mwawo mulibe mwana woopa kutsegula pakamwa, ndipo palibe amene amajomba. Iwo anamvetsera ngati mwana wa sukulu. Anandifunsa kuti munthu mmodzi angamve bwanji ana onse aja mmodzimmodzi tsiku lisanathe. Tinakangana pamenepo, kukangana kwenikweni kwa aphunzitsi awiri. Tinagwirizana zowagawa m'magulu, gulu limodzi lizibwera kutsogolo ena akulemba, ndipo kansungwi kaziloza modumphadumpha, osati motsatira mzere. Zina anakana, anati zimenezo n'za anthu a ku Ulongwe amene sanaonepo mwana wanjala. Chitsulo chitalira anaimirira, n'kundiuza kuti Lachinayi ndikalowe m'kalasi ndikakhale pampando, ndisakaimenso pazenera ngati wakuba nkhuku. Ndiye kuti tsiku lija anandiona.

Anasinthadi, ndipo anasintha ndi ukali wa munthu amene wapwetekedwa. Kalasi lawo linatsika mawu, moti makolo ena anabwera kudzafunsa ngati apurufesora akudwala. Ankatsala ndi ana ofooka ena ataweruka. Ine ndinkalowa, kukhala kumbuyo, kenako tinkakambirana, iwo akundiyang'ana, ine ndikuphunzira kuwayang'ana. Adiretori anakondwa kwambiri, ndipo alendo a ku Ulongwe atabwera anawauza kuti pasukulu pano ngakhale mkamwini ndi apongozi amathandizana pa kwalidadi. Alendowo analemba zimenezo.

Koma chimene chinayamba mu ofesi sichinathere mu ofesi. Kumudzi nakonso anasiya kundipewa. Ankandipatsa moni ataimirira, m'Chipwitikizi, ndi dzina la udindo. Akafuna kanthu pakhomo pathu ankabwera okha n'kulankhula nane molunjika monga achitira ndi wogula nyemba. Ndiwo ankatumizabe, koma mwana wobweretsayo ankati agogo akuti izi n'za amayi ndi ana. Ndinafunsa akazi anga ngati amayi awo akadali okwiya. Anati sanakwiye, angoti munthu sangakhale zinthu ziwiri kwa iwo, ndipo amene anasankha ndine. Ndinati sindinasankhe kanthu, ndinangofuna kuti mwana awerenge. Anati ndikawauze ndekha, popeza masiku ano timalankhulana.

Sindinawauze. Ndinkaganiza kuti zizizira zokha, mwina chaka chikatha, mwina akapuma pantchito. Mpaka lero ndikaganiza za nkhaniyi ndimadzuka pampando n'kuyamba kuyendayenda, kufunafuna njira ina imene ndikanadzera, ndipo sindiipeza yoti mwana n'kuwerenga ine osataya kanthu.

Mwana anawerenga. Sizinachitike tsiku limodzi, anayamba ndi zilembo za pamatumba a feteleza, kenako chilichonse chimene wachipeza, mpaka kutitopetsa. Patapita zaka ziwiri, pa Misa ya ana, akatekisi anamusankha kuti awerenge mawu a Mulungu. Anaima pakabokosi kuti afikire buku. Pakati anakodwa pa mawu ena aatali, anaima, anawayang'anitsitsa, n'kuwatchula pang'onopang'ono mpaka anatuluka. Kukodwa kumeneko n'kumene kunandigwetsa misozi, chifukwa woloweza sakodwa choncho.

Titatuluka anthu anatizungulira pabwalo la tchalitchi. Apongozi anachoka pagulu la amayi, atavala chitenje chawo cha chigwirizano, n'kubwera molunjika pamene ndinaima. Anatambasula dzanja n'kundiyamikira m'Chipwitikizi.

“Parabenzi, senyoro pedagojiko. Ntchito yanu yaoneka.”

Anthu anaomba m'manja, ena analuluta, poyesa kuti ndalandira ulemu waukulu. Ndinaligwira dzanjalo ndi manja awiri. Linali louma, lozizira ndi mphepo ya m'mawa, ndipo anandigwedeza kawiri monga achitira ndi mlendo wochokera ku boma. Ndinati, “Zikomo, amayi.” Anali atatembenuka kale kukapatsa moni akatekisi.